Ndimalemba khodi ndekha, Git ndi ma issue zindithandiza chani?

Wa ku Ulongwe: Akuluakulu ndi anzanga nonse mwaswera bwanji. Ndili ndi nkhani yandisowetsa tulo sabata ino. Ine ndimapanga timapulogalamu ndekha kuno ku Angonia, palibe kampani palibe mnzanga, wolemba ndine woyesa ndine ndipo foni ikalira kuti zinthu zavuta woyankha ndine ndemwe. Yaikulu ndi ya sitolo ina yogulitsa feteleza ndi mbewu, ndinailemba mu PHP ndi MySQL, imawerenga matumba olowa ndi otuluka, imatulutsa risiti, komanso imasunga ngongole za alimi amene amatenga feteleza nkudzalipira akakumba mbatatesi.

Nde lachiwiri lapitalo ndinasintha pang'ono kuti pa ngongolepo pazionekanso ndalama zomwe mlimi walipira kale. Lachisanu abwana a sitolo andiimbira ali okhumudwa, akuti bambo ena aku Domue akuoneka kuti ali ndi ngongole ya matumba 12 pomwe anatenga 6 basi, ndipo bambowo anaima pa kauntala pamaso pa anthu nkumauzidwa zimenezo. Zinandiwawa kwambiri abale chifukwa munthu wachitidwa manyazi kamba ka ntchito yanga. Mu laputopu muli mafoda anayi, sitolo_final, sitolo_final2, sitolo_yabwino ndi sitolo_ogasiti, ndakhala mausiku awiri kufananitsa ndi maso osapeza pomwe ndinalakwitsa, mapeto ake ndangobwezeretsa foda yakale ku sitolo ndipo ntchito yatsopano ija yangokhala mu laputopu osagwiritsidwa ntchito.

Wina wandiuza kuti gwiritsa Git yosungira mbiri ya zomwe wasintha mu khodi, tsegula GitHub, lemba ma issue omwe ndi timakalata ta mavuto ndi zoti ukonze, ika Trello yomwe ndi bolodi la ntchito. Koma chilichonse ndikuwerenga chikunena za timu, timu, timu. Munthu mmodzi ngati ine zimenezi nzanga kapena nkungodzisenzetsa katundu wa eni?

Wa pa Zobue: Amwene pepani ndi zomwe zachitikazo. Koma ine ndinene mosabisa, zambiri mwa zimenezo nzongotha nthawi ukakhala wekha. Pull request, pempho lija loti wina aone zomwe wasintha zisanaphatikizidwe, ukutumizira ndani? Wovomereza ndani? Zili ngati kudziimbira ng'oma wekha nkuvinanso wekha. Ine ndimapanga mawebusayiti a anthu ochita bizinesi pa boda pano, ndimakopera foda mu fulashi lachisanu lililonse basi ndipo ntchito ikuyenda.

Achemwali a ku Moatize: Achimwene a ku Ulongwe, vuto mwafotokozalo ndi lenileni lomwe Git inabwera kudzathetsa, ndipo silikukhudzana ndi kuchuluka kwa anthu ayi. Funso lomwe lakugonetsani mochedwa mausiku awiri ndi loti ndinasintha chani pakati pa lolemba ndi lachisanu. Mukanakhala ndi Git mukanalemba git diff nkuona mizere yokhayo yomwe inasintha, yochotsedwa payokha yowonjezedwa payokha, mwina mizere khumi basi mmalo mowerenga mafayilo onse.

Ine ndimagwira mu timu masana koma usiku ndili ndi ntchito zanga zandekha ndipo zonse zili mu Git. Timu yanu ilipo, ndinu wa lero ndi inu wa miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayo amene adzatsegule fayilo nkumadabwa kuti kodi apa ndimafuna kutani. Munthu ameneyo simungamuimbire foni kumufotokozera, chomwe mungachite nkumulembera. Commit iliyonse, kutanthauza nthawi iliyonse mwasunga zosintha zanu mu Git, ndi kakalata kopita kwa iyeyo, tsiku lakuti ndinasintha izi chifukwa chakuti.

A Zobue, fulashi yanu ya lachisanu ndi yabwino koma imangosunga mmene zinthu zinalili, simakuuzani chomwe chinasintha ndi chifukwa chake, ndipo zomwe munapanga lolemba nkuzifufuta lachitatu mulibemo.

Mphunzitsi wa ku Furancungo: Ine funso langa ndi la netiweki. Kuno ku Macanga nthawi zina tsiku lonse intaneti imangobwera nkupita, ma mega nawo ndi ndalama. Zimenezi sizifuna kukhala pa intaneti nthawi zonse?

Achemwali a ku Moatize: Ayi aphunzitsi, apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka. Git imakhala mu kompyuta mwanu momwemo, mbiri yonse imasungidwa mu kafoda kobisika kotchedwa .git mkati mwa foda ya ntchito yanu. Commit, branch (nthambi ya khodi yoyeserapo zatsopano pambali), kubwerera mmbuyo, kuona zomwe zasintha, zonsezi osagwiritsa olo mega imodzi. Linus Torvalds anailemba mu 2005 pofuna kuyendetsa ntchito ya Linux yomwe anthu ake anali obalalika dziko lonse, nde anaipanga kuti aliyense akhale ndi mbiri yonse pa makina ake. Intaneti imafunika pokhapokha mukupusha, kutanthauza kutumiza mbiriyo kunja, ndipo imatumiza zatsopano zokha osati foda yonse. Khodi ndi zolemba chabe, nzopepuka kuposa ka voice note ka pa WhatsApp nthawi zambiri.

Olo netiweki itasoweratu pali git bundle, imamanga mbiri yonse mu fayilo imodzi mumaika mu fulashi. A Zobue fulashi yanu ija igwirabe ntchito, kungoti ikhala ndi mbiri mkati.

Wophunzira wa mu Tete: Pepani akuluakulu ndine wa chaka choyamba, Git ndi GitHub si chinthu chimodzi?

Mkulu wa ku Songo: Ayi mwana wanga. Git ndi chida chomwe chili mmanja mwako. GitHub ndi nyumba yosungirako, inatsegulidwa mu 2008, Microsoft inaigula mu 2018, ndipo kuyambira 2019 utha kukhala ndi ma repo, omwe ndi mafoda a khodi pamodzi ndi mbiri yake, achinsinsi osalipira kanthu. Ziliponso zina ngati GitLab. Utha kugwiritsa Git zaka zambiri osatsegula akaunti kulikonse.

Ndilankhuleko za nkhani yaikuluyo. Ine ndakalambira pa ntchito zamagetsi, khodi ndaiphunzira mochedwa. Pa ntchito yathu pamakhala buku la shifiti, ukasintha chilichonse umalemba, ola lakuti ndatsegula chakuti, ndaona chakuti, ndasiya motere. Pamene ndinali wachinyamata ndinkaganiza kuti bukulo ndi la wobwera pambuyo panga. Patapita zaka ndinazindikira kuti amene ankaliwerenga kwambiri ndinali ine ndemwe, chinthu chikavuta nkumafufuza kuti mwezi watha ndinachigwira bwanji. Mutu umaiwala, makamaka ukatopa. Nde mnyamata wa ku Ulongwe, buku la shifiti ukhale nalo ngakhale shifiti yonse ndi yako.

Koma a Zobue nawonso akunena zoona mbali ina. Zida za timu zili mitundu iwiri. Zina nzosunga mbiri ya ntchito, zina nzogwirizanitsa anthu kuti asapondane. Zoyambazo tenga. Zachiwirizo wekha sungapondane ndi munthu.

Wa pa Zobue: Eya bambo mwandimvetsa. Ine chomwe chinandigwetsa ulesi nchakuti chaka china ndinadzipangira zonse zomwe ndinaona pa mavidiyo, kugawa ntchito mu ma sprint a masabata awiri, kupereka mapointi ku ntchito iliyonse, tchati choonetsa mmene ntchito ikutsikira. Lamlungu lonse limatha ndikukonza bolodi, khodi osalemba. Kasitomala wanga safuna tchati, akufuna webusayiti itseguke pa foni yake.

Achemwali a ku Moatize: Zimenezo nde zosafunikazo. Mapointi ndi ma sprint cholinga chake nchoti gulu la anthu ligwirizane kuti masabata awiri awa tikwanitsa zingati, ndipo bwana adziwe chouza kasitomala. Jira, yomwe Atlassian inatulutsa mu 2002, imachita bwino zimenezo pamene anthu ali ambiri. Munthu mmodzi mizere itatu yakwana, zoti ndichite, zomwe ndikuchita, zomwe zatha. Kaya pa Trello kaya pa pepala lomata pakhoma. Nzeru ya kanban inachokera ku mafakitale a Toyota ku Japan, ndipo mfundo yake yomwe imandithandiza ine ndi yochepetsa ntchito zomwe zili pakati. Mzere wapakatiwo ndimalola chinthu chimodzi, zikachuluka ziwiri. Ukakhala wekha matenda aakulu ndi kuyamba zinthu zisanu osamaliza olo chimodzi chifukwa palibe wokufunsa.

Koma ma issue okha ndikukana kuti nzosafunika. Achimwene a ku Ulongwe tandiuzeni, abwana a sitolo akafuna chinthu chatsopano amakuuzani bwanji?

Wa ku Ulongwe: Voice note pa WhatsApp achemwali, mwina tikakumana pa msika amangoti eti ija ya risiti ija uikonze. Nthawi zina mkazi wawo amene amakhala pa kauntala amandiuza zosiyana ndi zomwe anena bambowo.

Achemwali a ku Moatize: Ndi zomwezo. Nde patapita miyezi itatu akuti ndinakuuza ndalama ya transipoti izilowa mu ngongole, inu mukukumbuka kuti anati isamalowe, mupita kukasaka voice note pakati pa mauthenga mazanamazana? Ine pempho lililonse ndikangolimva ndimatsegula issue, ndimalemba mmawu anga zomwe ndamva ndi tsiku, kenako ndimakopera mawuwo kutumiza kwa kasitomala kuti ndamva chonchi, ndi zoona? Akayankha kuti eya ndimalembanso mmenemo. Sikuti ndikufuna kudzamugonjetsa pa mkangano ayi, koma tonse timaiwala ndipo ubale umaonongeka pa zinthu zazing'ono ngati zimenezi. Pa GitHub issue iliyonse imapatsidwa nambala, ukalemba Fixes #14 mu commit ndipo commityo ikalowa mu branch yaikulu, issue imadzitseka yokha, nde pempho la kasitomala ndi mizere ya khodi yomwe inaliyankha zimakhala zomangirirana mpaka kale.

Mphunzitsi wa ku Furancungo: Ma issuewo nde afuna intaneti eti?

Mkulu wa ku Songo: A pa GitHub eya. Koma aphunzitsi mutha kungolemba fayilo imodzi ya zoti muchite nkuiika mu repo momwemo, izisungidwa limodzi ndi khodi. Chiliponso chida china chotchedwa Fossil, anachipanga D. Richard Hipp yemwe anapanga SQLite, mbiri ya khodi, matikiti ndi wiki zonse zimakhala mu fayilo imodzi pa kompyuta panu. Nchabwino kwa munthu wa kumalo kovuta netiweki. Kungoti kwa achinyamata amene mudzafune ntchito ku Maputo kaya ku Beira, Git ndi yomwe adzakufunseni, nde yambani ndi imeneyo.

Wa pa Zobue: Chabwino Git ndavomera, ma issue mwina. Koma pull request yodzitumizira wekha achemwali simundigonjetsa.

Achemwali a ku Moatize: Sindikukakamizani, koma ndikuuzeni zomwe zinandichitikira. Mukukumbuka msonkho wa IVA utatsika kuchoka pa 17 kufika pa 16 peresenti kumayambiriro kwa 2023. Ndinali ndi kapulogalamu ka ma invoisi komwe ndinalemba ndili wosadziwa zambiri, nambala 17 ndinaimwaza malo osiyanasiyana mmalo moiika pamodzi. Ndinakonza usiku kutentha kwa kuno kuli kosaneneka, ndinatopa, ndikuona ngati ndamaliza. Ndinatsegula pull request nkupita kukagona. Mmawa ndikuwerenga zosinthazo ndi mutu wozizira ndinaona kuti mafayilo omwe ndagwira ndi anayi, koma fayilo yosindikiza invoisi mulibe pa mndandanda. Ikanapita choncho kompyuta ikanawerenga 16 pepala nkumalemba 17.

Chomwe chinandipulumutsa si batani la pa GitHub ayi, ndi kugona kaye nkuwerenga ntchito yanga ngati ya munthu wina. Mutha kuchita zomwezo ndi git diff pa laputopu. Ine pull request imangondithandiza kuti ndisalumphe mwambowo, chifukwa ndikadzisiya ndimathamanga. Pa tinthu tating'ono ngati kukonza sipelo sindivutika nazo, ndimangopanga commit. Koma chilichonse chokhudza ndalama za anthu chimagona usiku umodzi pa branch yake.

Wophunzira wa mu Tete: Nanga ma branch aja a develop, release, hotfix omwe ndinaona pa chithunzi china tiziwapanga onse?

Achemwali a ku Moatize: Ayi mng'ono wanga, amenewo ndi a magulu omwe amatulutsa mavesheni ambiri. Iwe khala ndi main yomwe nthawi zonse ndi yofanana ndi zomwe zili kwa kasitomala, chatsopano chilichonse uchipangire ka branch kake, chikatha uphatikize nkukafufuta. Ndipo tsiku lomwe waika pulogalamu kwa kasitomala uike tag, chizindikiro pa commit ya tsikulo, kuti akaimba foni udziwe ndendende khodi yomwe ili pa kompyuta yake. Achimwene a ku Ulongwe akanakhala ndi zimenezi lachisanu lija akanabwerera pa tag yakale mphindi zochepa, ntchito yatsopano ili chikhalire pa branch yake kudikira kukonzedwa.

Mkulu wa ku Songo: Ndichenjeze chinthu chimodzi musanathamangire kupusha. Mu pulogalamu ya sitoloyo muli mayina a alimi, manambala a foni, ngongole zawo, mwina ndi manambala a msonkho a NUIT a ena. Zimenezo zisalowe mu Git. Pasiwedi ya database isalowenso. Git siiwala, ukaika fayilo nkudzaichotsa mawa imatsalabe mu mbiri, ndipo aliyense wotenga repo aipeza. Pangani fayilo ya .gitignore, yomwe imauza Git zoti isasunge, musanapange commit yoyamba, mulembemo fayilo ya mapasiwedi ndi ma backup onse. Ndipo dziwani kuti Git ikusunga khodi yokha. Ngongole za alimi zili mu MySQL pa kompyuta ya mu sitolo, imeneyo ikapsa ndi mphenzi nyengo ya mvula ino GitHub sikubwezerani. Zimenezo zimafuna backup yakeyake ya mysqldump tsiku lililonse, ndi kopi ina yosungidwa kunja kwa sitolo.

Chinanso chomwe sitikonda kukamba. Iwe uli wekha, nanga malungo akakugwetsa masabata awiri nthawi yogulitsa feteleza, kapena wapeza ntchito kutali? Sitolo ija yadalira iwe. Lemba README yofotokoza mmene munthu angaikire pulogalamuyo pa kompyuta yatsopano kuyambira pachiyambi, ndipo abwanawo adziwe komwe khodi ili. Wodzalandira ntchito yako tsiku lina nayenso ndi wa mu timu ngakhale sunamuonepo nkhope.

Wa ku Ulongwe: Bambo apa mwandigwira mtima, sindinaganizepo zimenezo. Pasiwedi ili mu config.php momwemo pamodzi ndi zina zonse, ndiyamba ndi kuipatula. Nanga GitHub Actions yomwe anthu amaitama ija?

Achemwali a ku Moatize: Imeneyo idikire kaye. Ntchito yake nkuyendetsa matesiti yokha nthawi iliyonse mwapusha, ndipo akaunti yaulere imapatsidwa mphindi 2000 pamwezi pa ma repo achinsinsi zomwe kwa munthu mmodzi nzambiri. Koma ngati mulibe tesiti olo imodzi iyendetsa chani? Yambani ndi tesiti imodzi mu PHPUnit ya nkhani yomwe yakupwetekaniyi. Mlimi watenga matumba 6, walipira kawiri, ngongole ioneke yolondola. Muiyendetse pa laputopu musanapite ku sitolo. Matesiti akafika khumi ndipo mwayamba kuiwala kuwayendetsa, pamenepo nde muike Actions.

Ndipo mafoda anayi aja musawataye. Pangani foda yatsopano, git init, koperanimo yakale kwambiri nkupanga commit, kenako fufutani zamkatimo kusiya .git ndi .gitignore nkukoperamo yotsatira, commit, choncho mpaka yomaliza. Mukhala ndi mbiri ya masitepe anayi, nde mufananitse awiri omalizawo.

Wa pa Zobue: Iyi ya mafoda akale ndiyesa nanenso, ndili nawo ambiri mu fulashi.

Wa ku Ulongwe: Abale ndabweranso. Ndachita monga munanenera achemwali, magetsi anathima pakati koma batire inakwana. git diff yaonetsa mafayilo atatu okha omwe anasintha ndipo vuto ndaliona pasanathe mphindi khumi. Pofuna kuonetsa zolipira ndinawonjezera JOIN yolumikiza tebulo la malipiro mu query yomwe imaphatikiza (SUM) matumba. Bambo aja analipira kawiri, nde mzere wa matumba awo unabwera kawiri, 6 kuphatikiza 6. Amene analipira kamodzi kapena sanalipireko zimaoneka bwinobwino nchifukwa chake poyesa sindinaone kanthu. Ndiye kuti wolipira katatu akanaoneka ndi ngongole yochulukitsa katatu, anthu okhulupirika kwambiri ndi omwe akanapwetekeka.

Achemwali a ku Moatize: Ndi imeneyo. Werengerani malipiro payokha mu subquery kenako mulumikize zotsatira zake. Koma musanakonze lembani tesiti ija kaye muione ikulephera, ndipo muikemo wolipira katatu.

Mkulu wa ku Songo: Ufufuzenso ngati pakati pa lachiwiri ndi lachisanu panatuluka risiti ina yolakwika kupatula ya bambo aku Domue. Mwina pali wina anangolandira pepala nkupita osadandaula.

Wa ku Ulongwe: Zoona bambo, ndatsegula issue yoyamba ya zimenezo ndipo yachiwiri ndi ya README. Mawa mmawa ndipita ku sitolo ndikaone malisiti a masiku anayiwo limodzi ndi mayi aja a pa kauntala, ndipo ndapempha abwana andipatse nambala ya bambo aku Domue ndiwaimbire ndekha kuwapepesa.